Malita ndi Phiri la pa Sitampa

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga ya ku positi ofesi maso asanatheretu. Za ubwana wanga ku Lisasadzi sindilemba, chifukwa ndinaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense ndipo mbuzizo zilibe nkhani. Mutu uno ndi wa zaka zimene ndinagwira ntchito kumpoto kwa Kasungu. Mulinso yankho la funso limene iwe Yohane unandifunsa uli wamng'ono ine n'kungokukalipira: chifukwa chiyani ndinachotsa Malita pakhomo pathu. Lero ndakalamba, mphamvu zokalipa zinatha, ndiye ndikuyankha.

Chaka choyamba pa ntchito, pa boma

Ndinayambira pa boma la Kasungu, pansi pa bwana wina dzina lake a Chirwa, munthu wa ku Mzimba, wamfupi, womanga tayi ngakhale mu Okutobala. Miyezi yoyamba sanandilole kuyandikira kauntala. Ntchito yanga inali kukhuthula matumba amene amabwera pa basi, kusankha makalata ndi kuwaponya m'mabokosi. Tsiku lina anandipeza ndakweza envulopu kudzuwa kuti ndione ngati muli chithunzi cha mtsikana. Sanakweze mawu. Anangondilanda envulopuyo n'kunena kuti, "Iwe mnyamata, kalata si yako yayi. Ili ndi mwini wake. Iwe ndiwe njira waka." M'chiyankhulo cha kwawo, waka ndiye kuti chabe. Ndinachita manyazi mpaka thukuta kumsana, ndipo sindinabwerezenso.

Kwa iwowa ndi kumene ndinaphunzira chinthu chimene adzukulu anga a mafoni sangachimvetse. Kwathu kuno kalata siipita pakhomo pa munthu. Imathera m'bokosi la pa positi ofesi, ndipo bokosilo limakhala la sukulu, la tchalitchi, la esiteti kapena la mwini golosale. Munthu wakumudzi amabwereka bokosi la ena. Amene alibe sukulu kapena tchalitchi chomudziwa, kwa ife a positi amakhala ngati kulibe, ngakhale ali ndi nyumba, nkhokwe ndi ana khumi. Makalata a anthu otere ndinkawabweza ambiri, ndipo nthawi imeneyo sizinkandikhudza.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, kudera la Kaluluma

Nditakwatira amayi anu, a Nabanda, ananditumiza kukayang'anira kapositi kakang'ono kudera la Kaluluma. Dzina linali lalikulu, positimasitala, koma ofesi inali zipinda ziwiri, ndipo wosesa, wodinda ndi wonyamula thumba ndinali ine ndemwe. Zosowa zinali zambiri. Inki ya chidindo ikatha ndinkadonthezera palafini pa padi kuti itsitsimuke. Ulusi womangira matumba ndinkapempha wosokera fodya ku maesiteti. Nthawi ya mvula basi inkatitimira kutali, ine n'kupalasa njinga kukatenga thumba, kubwera matope mpaka m'makutu. Ndikalemba kulikulu kudandaula, yankho linkabwera loti ndidikire, ndipo ndinadikira mpaka ndinazolowera.

Makasitomala anga ambiri anali matenanti, mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Dedza ndi kwina, amene amalima fodya wa bale m'maesiteti ozungulira. Ankabwera Loweruka, manja akuda ndi utomoni wa fodya, n'kundipempha kuti ndiwalembere adiresi. M'chaka chimenechi munabwera masitampa atsopano okhala ndi chithunzi cha nsonga imodzi ya phiri la Mulanje. Ine mwana wa kuchigwa, wozolowera minda yoti diso limatopa lisanafike kumapeto, ndinakhala nthawi ndikuyang'ana kachithunziko. Linali thanthwe lotuwa, losalala, loima chilili ngati khoma, pamwamba losongoka mopendekera kumanzere, ndipo kumanja kwake kunali mpata ngati pamene pachoka dzino. Ndinaganiza kuti wojambula anawonjezera, chifukwa mwala sungatalike chotero.

Loweruka lina kunabwera tenanti wina, a Jailosi a ku Dedza, ndi akazi awo a Elube, ndi kamtsikana kawo ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, Malita. A Jailosi ankatumiza kalata kwa achimwene awo. Nditang'amba sitampa pa pepala lake n'kuiika pa kauntala, a Elube anaigwira amuna awo asanainyambite. Anaiyandikitsa kumaso.

"Bwana, ichi mwachitenga kuti?"

"Zabwera kuchokera kulikulu, mayi. Ndi phiri la Mulanje limenelo."

"Ndikudziwa kuti ndi Mulanje! Koma apa ndi pakhomo pa amayi anga. Ukaima pamtondo pathu limaoneka chonchi, mpata uwu uli kumanja. Malita, taona kwanu."

Anthu pamzere anaseka, ena akuti mayiwa akudzitama ndi phiri ngati analimanga okha. Iwo sanamve n'komwe. Ndinadziwa pambuyo pake kuti anachoka kwawo ali mtsikana, kutsatira amalume awo amene anabwera kudzalima fodya. Amalumewo anasamukira ku esiteti ina osabwereranso, iwo n'kukwatiwa komwekuno. Tsiku limenelo a Jailosi anagula masitampa awiri, ina ya kalata, ina ya akazi awo, ndipo a Elube anaimanga pakona ya chitenje.

Chaka chachisanu ndi chitatu, nyengo yosankha fodya

A Elube anamwalira nthawi ya dzinja pobereka, ndipo khanda linatsagana nawo. Ndinamva mochedwa, chifukwa maliro a tenanti samveka kutali. Fodya atauma m'zigafa, a Jailosi anatulukira pa ofesi masana, nthawi yoti anzawo ali pa ntchito yosankha. Anali atatha thupi, akutsokomola mogwira khoma. Malita anali pambuyo pawo ndi kamtolo pamutu. Anadikira kuti anthu onse atuluke, kenako anaika sitampa ija pa kauntala, itafewa ngati nsalu.

"Bwana positi, inu mumatumiza zinthu kulikonse. Nditumizireni mwanayu."

"A Jailosi, mwana si phukusi."

"Ndikudziwa, bwana. Mutu wanga uli bwinobwino, chikundipha ndi chifuwa. Ine mvula ikubwerayi sindiiona. A kapitawo anena kale kuti ndikapita amutenga azikawalerera ana. Inu mwakhala kuno, mukudziwa zimene zimachitikira atsikana otere akayamba kusinkhuka."

Ndinkadziwa. Ndinawafunsa za abale awo a ku Dedza, iwo anapukusa mutu. "Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ku Dedza akamudyetsa, koma munda sakamupatsa, adzakhala mlendo mpaka imvi. Kwa amake kuli dothi lake." Anandiuza dzina la mudzi monga analimvera kwa akazi awo, ndi dzina la mng'ono wa a Elube, Fanesi. Bokosi sankalidziwa, sukulu sankaidziwa, tchalitchi sankachidziwa. Chimene anali nacho ndi kachithunzi kaja basi.

Ndinawalonjeza, ndipo ndinalonjeza mopepuka mtima. Phiri limene ndinkalidziwa ine ndi la Kasungu, loti munthu amalizungulira pa njinga m'mawa umodzi ndipo limaoneka pafupifupi chimodzimodzi kulikonse kumene waima. Ndinaganiza kuti Mulanje ndi mkulu wake chabe: ndikatsika basi, ndikakweza sitampa, ndikaona mudzi uli patsinde. Ndinati, "Pitani mukagone, a Jailosi. Ndikamufikitsa ndi manja angawa." Anagwada pasimenti kundithokoza, ndipo ndinavutika kuwadzutsa. Anamwalira fodya asanapite ku okushoni, n'kuikidwa kumanda a alendo kuseri kwa esiteti.

Malita anabwera kudzakhala kwathu podikira. Ndinalembera mnzanga wa positi ya ku Mulanje kawiri konse, ndipo kawiri konse anayankha kuti mudzi wa dzina limenelo saudziwa, wafunsa ngakhale aphunzitsi. Kunena zoona, mayankhowo sanandikhumudwitse. Mwanayo anali atalowa m'nyumba ngati anabadwiramo. Amayi anu, amene Mulungu anawapatsa anyamata okhaokha, anamuluka tsitsi, anamulembetsa sukulu, ankapita naye kutchalitchi atagwirana manja. Iwe Yohane unkakana kusamba ngati sakusambitsa Malita. Chaka chinatha, n'kuyamba china, ndipo dzina la a Jailosi tinasiya kulitchula.

Chaka chakhumi, nyengo yozizira

Kenako kunabwera kalata yondiitana ku Blantyre kukayesedwa pa udindo wa positi yaikulu. Amenewo ndi amene anali maloto anga: nyumba ya magetsi, sukulu zabwino za inu, kutsanzikana ndi palafini wa pa padi. Koma nditangoona dzina la Blantyre, ndinadziwa kuti Mulanje ali pafupi ndipo chowiringula changa chatha. Ndinawauza amayi anu tili kuseri kwa nyumba, iwo akutonola chimanga.

"Ndipita naye Malita."

Sanadzutse mutu. "Mukamupereke kwa yani? Kwa phiri?"

"Ndinalonjeza munthu akufa, Nabanda."

"Wakufayo ankafuna mwana wake adye, avale, aphunzire. Chikusowa apa n'chiyani? Anthu amenewo akanakhala omufuna, bwenzi atabwera kudzafunafuna m'bale wawo kalekale."

"Nanga ife tikafa? Kwanu ku Nkhamenya alongo ako adzamugawira munda? Adzati ndi mwana wa tenanti."

Alongo awo ankawadziwa bwino. Anangoti, "Chitani zimene mwaganiza, inu ndinu abambo," mawu amene m'banja mwathu ankatanthauza kuti nkhondo yayamba. Sanatiperekeze kokwerera basi. Malita tinamuuza kuti akukaona abale a amayi ake, ndipo iye anasangalala ndi ulendo wa pa basi.

Mayeso anali Lolemba. Ndinanyamuka msanga kuti ndikathane ndi za mwana kumapeto kwa sabata, ndibwerere ku Blantyre nditapuma. Titatsika basi ku Mulanje ndinayang'ana uku ndi uku, phiri osaliona. Kunali mtambo wokhawokha kuyambira pamwamba pa minda ya tiyi, ndi kamvula kowaza kozizira kolowa m'mafupa. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa nanazi kuti phiri lili kuti. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Akuluwa achokera kuti? Phiri ndi limeneli mwaliyang'anali. Chiperonitu ichi, chikagwira chimatha sabata."

Ndinatulutsa sitampa. Anthu anaunjikana, ikuyenda dzanja ndi dzanja ine mtima uli m'mwamba kuti ingang'ambike. Wina anati ndi nsonga ya kufupi ndi malire, wina anati bodza, ndi ya kuseri, wachitatu analumbira kuti ndi ya kumudzi kwawo. Bambo wina wachikulire ndi amene anandimvera chisoni. Anati, "Achimwene, ili si phiri limodzi. Ndi dziko. Nsonga zake n'zambirimbiri, ndipo imodzi yomweyo ukaiona kuno ndi ina, ukaiona kuseri ndi ina. Kuti mulizungulire pa galimoto n'kutaya tsiku." Ndinaima pamsewupo mutu utaima, mwana atandigwira dzanja, ndipo ndinazindikira kukula kwa chimene ndinalonjeza.

Tinayamba kuzungulira. Tinakwera malole a matola, tinayenda pansi, tinagona kwa aphunzitsi ndi kwa akulu a mpingo. Paliponse ndinkatchula dzina la mudzi ndi la Fanesi, anthu n'kumapukusa mitu. Mtambo ukang'ambika pang'ono ndinkakweza sitampa msangamsanga, koma chotuluka chinkakhala thanthwe lina, lalitali mochititsa mantha, losafanana ndi langa. Lamulungu linatipeza tili kumbali ya malire, ndipo mbali yonse ya ku Phalombe tinali tisanaiponde. Lolemba m'mawa ndinali pa positi ya pa boma la Mulanje, kwa mnzanga uja, kuimba lamya ku Blantyre kupempha kuti andisunthire tsiku. Bwana amene anayankha sanali munthu woipa. Anati oyesa abwera kuchokera kutali ndipo akhala tsiku limodzi, ndikakwera basi nthawi yomweyo ndiwapeza masana, ndikapanda kutero mwayi wina sakudziwa kuti udzabwera liti.

Basi ya ku Limbe inali panja, injini ikulira. Ndikanakwera, ndikanapita kwa a Nabanda ndi mwana wawo komanso udindo watsopano, ndipo palibe munthu wamoyo akanandidzudzula, poti ndinayesa. Ndinayang'ana Malita atakhala pakhonde la positi, akunjenjemera m'juzi ya amayi anu. Ndinakumbukira a Jailosi atagwada pasimenti. Ndinadziwa kuti ndikachoka pano sindidzabweranso, ndipo mwanayu adzakula wabwino, wophunzira, koma wopanda pamene angaloze kuti apa ndi panga. Ndinabweza lamya pamalo pake ndipo basi inapita. Ndinamva chisoni chachikulu potuluka mu ofesimo, ndisakunamizeni.

Tinalowera msewu wafumbi wa ku Phalombe. Kumeneko chiperoni sichifika ndi mphamvu, ndipo tsiku lotsatira dzuwa linatuluka. Tikutsika lole pamphambano ina, Malita anandikoka malaya. "Ababa, dzino lija!" Ndinatembenuka. Thanthwe lija linali pamenepo, lotuwa, loima chilili, mpata uli kumanja, koma lalikulu moti ndinachita kugwira chipewa poliyang'ana. Wojambula uja sanawonjezere kanthu, anachita kuchepetsa. Achinyamata a pamphambanopo dzina la mudzi sankalidziwa, koma bambo wina wokonza njinga anati limenelo ndi dzina lakale, mwini dzina anamwalira ndipo mudzi unagawika pawiri. Anatilozera njira yodutsa m'minda ya nandolo.

Tinapeza mayi akupeta nandolo pafupi ndi mtondo. Ndinali nditakonza mawu ambiri a ulemu, koma sindinawagwiritse ntchito. Mayiyo atadzutsa mutu n'kuona Malita, lichero linagwa, nandolo mbwee pabwalo. Anafuula mu Chilomwe, kenako m'Chichewa: "Elube! Mayo ine, Elube wabwera ali mwana!" Anali a Fanesi. Nditawauza kuti mkulu wawo anagona ku Kasungu, anadzigwetsa pansi, ndipo mudzi wonse unasonkhana kulira maliro amene anali atachedwa zaka ziwiri. Madzulo ake anatitengera kumunda wina wa m'mbali mwa khwawa. Anati, "Uwu ndi wa achemwali. Amayi pomwalira anati tisaugawe, mwini wake adzabwera. Anthu amatiseka." Anagwira dzanja la Malita n'kuliika padothi.

Kusiyana ndi kumene sindifuna kukumbukira. Mmawa mwake Malita ataona ndavala chipewa, anathamangira kamtolo kake. Ndinamuuza kuti iye atsala. Sanamvetse msanga, ndipo atamvetsa anandigwira thalauza ndi manja onse awiri. "Ababa, ndalakwa chiyani? Ndizisesa m'mawa, sindidzamenyanso Yohane. Anthu awa sindimva zimene akulankhula." Ndinachita kumasula zala zake chimodzichimodzi, a Fanesi atamugwira m'chiuno, nawonso akulira. Ndinalemba nambala ya bokosi la sukulu ya pafupi, ndinayenda osacheuka, ndipo kulira kwake ndinakumva mpaka pamphambano.

Udindo uja anapatsidwa mnzanga wina, ndipo ine ndinakalambira m'mapositi aang'ono a m'chigwa chino mpaka kupuma. Nyumba ya magetsi munaiona mutakula kale, ndipo ndikudziwa kuti zina zimene munazisowa munazisowa chifukwa cha tsiku limenelo. Malita anakhala zaka osandilembera. Lero ndi mayi wa ana anayi, amalima munda womwe uja, ndipo ana ake aakazi ali ndi zigawo zawo. Ngati anandikhululukira kwathunthu sindinamufunse, ndipo iye sananene.

Koma ndibwerere ku tsiku limene ndinafika kunyumba. Amayi anu anali pakhonde. Anandiona ndikadali kutali, ndipo anaona kuti ndili ndekha. Sanadzuke kudzandilandira chikwama.

"Mwawapeza?"

"Ndawapeza. Anamusungira munda."

"Analira?"

"Analira."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi yunifolomu yatsopano ya sukulu, yosokedwa ndi manja, ulusi ukadali lende pakolala. Anati, "Ndimasoka iyi masiku onse munachokawa. Ndipo ndikuuzeni, bambo a Yohane, tsiku lililonse ndimapemphera kuti musawapeze." Tsiku limenelo sitinalankhulanenso.

Mmawa ndikutsegula ofesi, ndinawaona ali pamzere pakati pa matenanti, ngati kasitomala wina aliyense, phukusi lili m'manja. Nthawi yawo itakwana analiika pa sikelo, maso ali ofiira, osandiyang'ana. Pamwamba pa phukusilo panalibe cholembedwa. Anandikankhira cholembera.

"Lembani adiresi," anatero. "Tsopano ali nayo."